Fodya Wouma pa Denga la a Fainala

A Zelesi a ku Wimbe sukulu anailekezera Sitandade 2, chaka chomwe aphunzitsi anawakwapula chifukwa chotola nthenga za nkhanga nthawi ya masamu. Kuwerenga kunawadutsa, koma chilembo chimodzi anachigwira osachitaya: Z wamkulu, woyamba pa dzina lawo, uja wokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera ku kachasu. Akakhala papepala, a Zelesi amamuona ali kutali. Akapanda kukhalapo, amaonanso.

Ndiye tsiku lomwe analowa m'nyumba ya achimwene awo a Wilkins n'kupeza satifiketi itapachikidwa pakhoma, m'felemu yagalasi, pakati pa kalendala ya tchalitchi ndi chithunzi cha ukwati, anaima n'kuyamba kumusaka Z wawo. Anasaka m'mwamba. Anasaka m'munsi. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, poganiza kuti mwina fumbi lamubisa. Z panalibe.

Nkhani yake inayamba chonchi. Zaka makumi atatu ndi zisanu a Zelesi akhala pamphasa m'chigafa kusankha fodya: ili lachikasu kuno, ili lofiirira uko, lamawanga pambali, lakuda likatayidwe. Mabelo akapita ku okushoni, m'chigafa mumatsala tizidutswa tamasamba tomwe anthu amangosesa. A Zelesi tinkawamvetsa chisoni. Mitundu yonse ya masika inali mmenemo, wina ngati uchi, wina ngati dothi lakatondo, wina ngati tiyi wopanda mkaka. Chaka china anangotenga katoni ya sopo, n'kuidula kukula kwake ngati chikhatho, n'kuphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kuti likhale chomatira. Anamata tsamba la fodya likhale phiri, koko la chimanga likhale munda, pepala la switi lonyezimira likhale dzuwa lolowa. Ulusi wa chiguduli unasanduka njira, kansanza kotola kwa telala kanasanduka mayi wosenza mtolo.

Timakhadi timeneti tinayenda. Wa chinkhoswe ankabwera kudzapempha, wa ubatizo ankabwera, wopita kukazonda wodwala kuchipatala ankatenga kamodzi kuti akakaike pamutu pa bedi. Kuseri kwa khadi lililonse a Zelesi ankamatako kandindi kakang'ono, kosaposa kamtengo ka machesi, kamtolo ka masamba komangidwa kumutu monga momwe amamangira ndindi za fodya wopita mu belo. Kulemba sankatha, ndiye kandindiko ndiko kanali dzina lawo.

Kutabwera chionetsero cha ntchito zamanja za amayi ku boma, bondo la a Zelesi linatupa ngati dzungu. Alamu awo a Fainala, akazi a a Wilkins, anadzipereka okha kuti anyamula makhadiwo, poti njinga yamoto ili pakhomo. Anapita ndi makhadi makumi awiri m'chikwama, anabwera ndi satifiketi.

"Alamu," anatero a Zelesi, chala chili pagalasi, "pepala ili likuti chiyani?"

"Likuti nambala wani, alamu. Kasungu yense."

"Nambala wani ndani?"

A Fainala anakonza duku lomwe linali lokonzeka kale. "Mukudziwa za kumaofesi, amalemba amene waonekera. Ndikanayamba zoti mwini wake ali kumudzi ndi bondo, akanandimvera ndani? Komanso apa palembedwa kuti Phiri. Inu si aNaphiri kodi? Ndi zathu zomwezi, za pabanja."

A Zelesi anayang'ana achimwene awo. A Wilkins, mphunzitsi wopuma pantchito yemwe ankaopsa ana zikwi, anaweramira wailesi n'kuyamba kusaka siteshoni yomwe inali ikumveka kale bwinobwino.

"Zoonadi, za pabanja," anatero a Zelesi, n'kuseka. Anakhala pansi, analandira tiyi, anathira masupuni atatu a shuga, anaganiza pang'ono, anathira yachinayi. Pobwerera kwawo bondo silinawapweteke n'komwe. Ululu wonse unali utasamukira pachifuwa.

Zikanathera pomwepo mwina akanakhululuka chaka chamawa. Koma a Fainala pakamwa pawo panalibe chitseko. Chithunzi chawo atanyamula satifiketi chinayenda m'mafoni mpaka ku Santhe. Ndipo tsiku lina pamjigo, amayi ali pamzere ndi zidebe, anauza gulu lonse kuti luso n'lobadwa nalo, manja ozolowera phula la fodya sangagwire zinthu zosalala. Ananena zimenezi pa Wimbe, inu, pomwe ngakhale nkhuku zimanunkha fodya! Iwo anakulira m'tauni ku Lilongwe, ndipo zaka makumi awiri za ukwati wawo m'chigafa anali asanapondemo. Ankati fodya amawapatsa chifuwa.

A Dorika, mnzawo wa a Zelesi wa pamphasa yosankhira fodya, anafika nayo nkhaniyo chidebe chikadali pamutu.

"Amwali, mungokhala chete? Tiyeni tikachotse pepala lija pakhoma, tikayatsire mbaula!"

"Pepala lalakwanji?" anafunsa a Zelesi, akudula katoni. "Lisiyeni likhale. Tsitsani madziwo, mukundinyowetsera dzuwa langa."

Sipanathe milungu itatu. Madzulo ena a Fainala anatulukira pakhomo pa a Zelesi ndi buledi kukhwapa ndi paketi ya shuga m'manja, zinthu zomwe chikwatiwire anali asanabweretsepo. Anakhala pakhonde, anafunsa za bondo, anafunsa za mbuzi, anafunsa ngakhale za galu yemwe anafa chaka chatha. Kenaka nkhani inatuluka. Mayi Tamara, alangizi a zachitukuko cha amayi omwe anapereka satifiketi ija, anali atatumiza uthenga. Akubwera Lachinayi, 2 koloko masana, kudzaona nambala wani akuphunzitsa amayi a m'mudzi kupanga makhadi. Akubweranso ndi wojambula.

"Ndiye alamu, mungondikumbutsa pang'ono," anatero a Fainala. "Pang'ono pokha. Mutu wanga uli ndi zambiri."

"Kukumbutsa? Zimenezo n'zochepa," anatero a Zelesi, akulandira shuga ndi manja awiri. "Mubwere mawa kum'mawa, mame asanaume."

Usiku umenewo a Zelesi anatenga masamba n'kuwakulunga m'chiguduli chonyowa monga mwa nthawi zonse. Pa Wimbe mwana aliyense amadziwa kuti fodya amagwiridwa atafewa, kum'mawa kapena atamva chinyontho. Tsamba lofewa limapindika ngati nsalu. Louma ukalikhudza limasanduka ufa. Izi sizinenedwa, monga momwe munthu sauzidwa kuti moto umawotcha. Ndipo a Zelesi sanazinene.

Zina zonse anaphunzitsa mwachilungamo. Anaonetsa kadulidwe ka katoni, kaphikidwe ka phala lomatira kuti lisachite mibulu, kasalazidwe ka pepala la switi ndi chikhadabo. Anatulutsa tsamba m'chiguduli a Fainala akuyang'ana kumbali, n'kuwapatsa sizasi. Tsamba linadulika bwino kwabasi. Phiri la a Fainala linatuluka ngati chulu chogumuka, mayi wosenza mtolo ngati bowa, komabe linali khadi.

"Mwaona? N'zosavuta," anatero a Fainala, akulitalikitsa kuti alione bwino. "Koma anu aja amawala. Langali bwanji lili mbuu?"

Apa mpamene a Zelesi anadikirapo. Anayang'ana uku ndi uku, ngati wina akumvetsera kuseri kwa nkhokwe, n'kutsitsa mawu.

"Chinsinsi ichi sindinauzepo munthu, ngakhale a Dorika. Mtundu wa fodya umagona, alamu. Umafunika kuudzutsa. Tsiku lakelo muyale masamba pa denga la malata, kuyambira dzuwa likatuluka mpaka nthawi yonyamuka. Mupsinje ndi timiyala. Potsitsa musawagwiregwire, mungowakokera m'lichero mwaulemu, n'kuvundikira."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa masamba omwe anawasunga paokha kuyambira mwezi wa Meyi, aatali, opanda banga, achikasu chonga uchi wa m'phanga. Anali atawasungira makhadi a ukwati wa mdzukulu wawo. Powapereka dzanja linakana pang'ono. Koma nyambo yoipa a Fainala akanaikayikira, ndiye analikakamiza dzanjalo.

Lachinayi linacha ndi dzuwa la mu Seputembala, lija lowotcha ngakhale mthunzi. Mitengo ya mombo inali itavala masamba ofiira, mphepo ikunyamula fumbi kuchokera m'minda yopanda kanthu. Pa denga la a Wilkins panali masamba a fodya, ali ndandanda ngati zovala za khanda.

A Wilkins anatuluka ndi mswachi kukamwa, anayang'ana kudenga, mswachi unaima.

"Amayi, fodya uyu padzuwa chonchi...?"

"Za luso simungazidziwe, abambo. Inu zanu ndi choko."

A Wilkins anayang'ana tsidya la msewu. Alongo awo anali pakhonde pawo, akuwayang'ana, osaphethira. Munthu wamkuluyo anayeza mkazi, anayeza mlongo, anatsuka mkamwa, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita ku Santhe. Njinga yamoto inalira.

Amayi opita kumjigo onse anadutsa pomwepo. Aliyense ankakweza maso kudenga, n'kuwatsitsa, n'kupereka moni. "Mwadzuka bwanji, amayi a luso?" Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kuchenjeza. A Dorika anadutsa katatu, chidebe chomwecho, madzi omwewo.

Pofika 2 koloko kalasi ya Sande sukulu inali itadzaza. Anabwera ndi amayi omwe samabwera pamisonkhano ngakhale kukhale kugawa mbewu. Mayi Tamara anakhala kutsogolo ndi kope pamiyendo, makhadi opambana aja ali patebulo, wojambula ali pambali ndi kamera yake. A Zelesi anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kamtolo ka chiguduli kali pansi pa benchi.

A Fainala anavala suti yatsopano ya chitenje, ya mapewa otukuka. Analankhula mphindi makumi awiri. Anati luso limeneli linawabwerera kumaloto. Anati mayi wa masiku ano asamangodalira khasu. Anadula katoni bwinobwino, anapaka phala ndi chala, anatembenukira kwa wojambula kuti awatenge mbali yabwino. Ndiye anavundukula lichero.

Kunena zoona, masamba anawala. Amayi ena mpaka anati "Eee!"

A Fainala anatola limodzi ndi zala ziwiri, n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone. Tsamba linangoti tswa! Theka linatsala m'zala, theka linagwa pansi ngati mapiko a gulugufe.

"Ili linali lofooka," anatero. Anatola lina. Sizasi isanalikhudze n'komwe, linanyenyeka. Lachitatu analigwira ndi manja onse awiri, mwamphamvu, ngati nkhuku yofuna kuthawa, ndipo linathera m'zikhatho. Anapisa m'lichero kusaka labwino kunsi, akuvundula, ndipo lichero lonse linalira tswatswatswa. Manja aja anali ndi phala. Ufa wa fodya unamatirira mpaka m'zigongono. Thukuta litatsikira m'maso, anadzipukuta kumaso ndi dzanja lomwelo.

Nthawi yomweyo mphepo ya Seputembala inalowera pazenera lopanda galasi, n'kukapisa m'lichero.

"Hetsiii!"

Oyamba anali a Fainala. Wachiwiri wojambula, yemwe anajambula denga. Kenaka benchi yoyamba yonse, kenaka yachiwiri. Akazi a abusa anayetsemula mpaka magalasi anagwera m'kapu. A Fainala ankafuna kunena kuti "Amayi, tiyeni tikhale bata," koma ankangofika pa "Ama—" basi, chinanso n'kubwera. Duku linapendekeka. Kumaso kunali mawangamawanga ngati fodya wa giredi yotsika. A Dorika anagwa pa benchi, ndipo mpaka lero amalumbira kuti kunali kuyetsemula, sikunali kuseka.

A Zelesi anali atadziphimba kale mphuno ndi chitenje lichero lisanavundukulidwe. Maso okha ndi amene ankaoneka, ndipo masowo ankadya phwando.

Fumbi litakhazikika, Mayi Tamara anamina, anapinda kampango kawo, n'kuyang'ana a Fainala nthawi yaitali.

"Amayi Phiri, ine kwathu ndi ku Simlemba. Fizi yanga yonse ya sukulu inachokera m'chigafa. Fodya wouma gwa chonchi, masana ano, munayamba mwamugwirapo?"

"Ndi... ndi mtundu, amayi. Umafunika kuudzutsa."

"Kuudzutsa?"

"Pa denga."

Kalasi inaphulika. Ngakhale akazi a abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Mayi Tamara sanaseke. Anatola khadi limodzi mwa opambana aja, analitembenuza, anayang'anitsitsa kandindi kakuseri. Anatembenuza lachiwiri, lachitatu.

"Kandindi aka kamangidwa mozungulira chakumanzere. Onsewa chimodzimodzi. Inu sizasi mwaigwira ndi dzanja lamanja. Pa Wimbe pano ndani amamanga ndindi ndi dzanja lamanzere?"

Mitu yonse inatembenuka, benchi ndi benchi, mpaka kukafika pakhomo.

A Zelesi sanafulumire. Anatsitsa chitenje pamphuno, anasolola kamtolo kawo, anadzuka ndi kubuula kwa bondo komwe kunali kokokomeza ndithu, n'kuyenda pakati pa mabenchi ngati mkwatibwi. Atafika kutsogolo anagwada pang'ono kwa alendo.

"Pepani amayi, ine sukulu ndilibe, ndi manja onunkha fodya awa. Alamu, tasunthani pang'ono, mwatopa."

Anamasula chiguduli chonyowa. Masamba ake sanali okongola ngati aja anathera pa denga, anali otsalira wamba, ena ong'ambika. Koma anali ofewa. A Zelesi anakulunga limodzi pachala n'kulimasula, osathyoka. Sizasi sanaifune. Anang'amba ndi chikhadabo, phiri linatuluka. Koko la chimanga, munda. Tsamba lofiira la mombo lomwe anatola panjira, mtengo. Pepala la switi, dzuwa. Anazula ulusi umodzi pachiguduli chomwecho n'kuugoneka mokhota kuti ikhale njira yopita kuchigafa. Pomaliza anapota kandindi ndi dzanja lamanzere, osayang'anako n'komwe, maso ali pa alamu awo.

Wojambula anajambula, ulendo uno osati denga.

"Dzina lanu ndani, amayi?" anafunsa Mayi Tamara, atatsegula kope. "Satifiketi ija ilembedwanso. Ija ili kunyumba ibwezedwe."

"Zelesi. Koma tabwerekani cholemberacho."

Anachigwira ngati chisongole chobzalira fodya. Anawerama pa kope la boma, lilime lili panja, n'kukoka mzere kupita uku, kutsetsereka, kubwereranso uku. Z anatuluka wamkulu, wodzaza theka la tsamba.

"Enawo mumalize ndinu. Koma uyu akhale poyamba, ndipo aoneke. Ndidzabwera kudzamusaka."

Tsiku limenelo amayi anaphunziradi, mpaka dzuwa kupendeka. A Fainala anazemba anthu ali kalikiliki kumata, ndipo amene anawaona amati mpaka kukafika kunyumba anali akuyetsemulabe. Anthu atabalalika, a Zelesi anapempha tsache. Anasesa ufa wonse wa masamba awo a uchi aja, pansi ndi patebulo, n'kuukokolera m'kathumba ka shuga. Apa pokha nkhope inagwa. Makhadi a ukwati wa mdzukulu adzakhala a fodya wamba tsopano.

"Amwali, zinyalalazo n'zachiyaninso?" anafunsa a Dorika.

"Zinyalala zili kuti?"

Loweruka m'mawa a Wilkins anapeza khadi pakhonde pawo, litapsinjidwa ndi kamwala. Linali lokongola kuposa onse omwe a Zelesi anapangapo. Panali mayi wa mapewa otukuka, wovala kansanza kofanana ndendende ndi suti ija, kochokera kwa telala yemweyo. Duku linali lopendekeka, kukamwa kuli yasa. Kuchokera pamphuno pake, mtambo waukulu wa ufa wa fodya wachikasu unafalikira khadi lonse, ukunyezimira padzuwa. Kuseri kunali kandindi.

A Wilkins analiyang'ana, anasuzumira m'nyumba, anamva akazi awo akukolopa kuchipinda. Pakhoma, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha ukwati, panali msomali wopanda kanthu. Anauyang'ana msomaliwo, anaganiza za moyo wawo, n'kulowetsa khadilo m'thumba la malaya. Anakwera njinga kupita nalo ku Santhe, komwe pofika masana linali litadutsa m'manja mwa msika wonse.

Satifiketi yatsopano inafika patatha mwezi. A Zelesi sanaipachike m'nyumba. Anakhoma msomali panja, pakhonde, mbali yoyang'ana kumsewu, pomwe munthu wotuluka m'nyumba ya a Wilkins kupita kumjigo sangalephere kuiona. M'mawa uliwonse amaipukuta ndi nsonga ya chitenje, amamupeza Z wawo, n'kukhala pansi pake ndi katoni ndi phala.

A Fainala masiku ano amazungulira njira ya kuseri kwa tchalitchi. Ndi yaitali, ndipo ili ndi chitedze.